Mphalapala ya Che Zubairu

Sajeni Thokozire Makwinja ankadziwa kuti nyama ija inali ya ng'ombe, koma pakamwa pake panali pomangika, chifukwa anaidziwira m'mbale ya kunyumba kwake.

Nkhaniyi inayamba masabata atatu m'mbuyomo pa siteshoni ya sitima ya Nkaya. Munali mu Okutobala wa 2016, dzuwa likuswa mtengo. Mvula inali itakana, ndipo m'midzi ya m'mbali mwa Rivirivi anthu ankawiritsa timango tosakhwima n'kumati ndiwo mgonero. Thokozire anaona bambo wina wowonda, wa kofia yoyera, atakumbatira matumba awiri ngati muli mwana wodwala. Atamasula anapeza nyama yowamba, yodula mizeremizere, yomanga m'timitolo ndi ulusi wobiriwira wa neti ya udzudzu. Chiphaso cha alangizi a ziweto bamboyo analibe. Chikopa analibe, mutu analibe. Masiku amenewo asilikali a nkhalango ya kutsidya kwa Shire ankangotola mafupa a njati m'misampha ya waya, ndiye aliyense wopezeka ndi nyama yowamba ankayamba wagona m'chitokosi. Dzina la bamboyo linali Che Zubairu, ndipo anawamanga ndi Thokozire yemweyo.

Kachidutswa ka nyamayo kanapita ku labotale ina ya bungwe loteteza nyama zakutchire, kufupi ndi Liwonde. Pepala linabwera ndi mawu amodzi: mphalapala. Nyama yotetezedwa imeneyo, yoti munthu angakalambire kundende.

Tsiku lomwe pepalalo linafika, mkulu wa polisi yawo, Inspekitala Hudson Chipala, anaima pakhomo la chipinda chosungira umboni akununkhiza. Anati khoti limangofuna pepala, nanga matumba awiri athere makoswe anthu akugona ndi njala? Aliyense anatuluka ndi kaphukusi ka m'nyuzipepala. Thokozire anatenga timitolo tiwiri. Ana ake awiri anali atatha sabata zitatu akudyera mchere.

Bambo ake a Thokozire anapha ng'ombe pa Phalula kwa zaka makumi atatu, ndipo iye anakulira pansi pa mtengo wopachikapo nyama, akuingitsa ntchentche ndi kanthambi. Atangoluma kamodzi nyama ya kamtolo koyamba, nsagwada zinaima. Timafuta tomwe tinatsalira m'mphepete tinali tachikasu, ta ng'ombe yaikazi yokalamba, ndipo kafungo kake kanali ka m'khola. Anameza ndithu, n'kutenganso nthuli yachiwiri. Tisanamizane, njala ya chaka chimenecho sinkaopa yunifolomu. Koma kamtolo kachiwiri anakanika kukaphika, anakanikanso kukataya. Anakatsekera m'chitini cha mkaka n'kukaika pamwamba pa kabati.

Mlandu unali woti ulowe Lolemba. Lero linali Lachinayi, ndipo mtima wake unali usanakhale pansi ngakhale tsiku limodzi.

*

Che Zubairu anali akadali m'chitokosi cha pa polisi pomwepo, poti kundende kunalibe malo. Anawatulutsira pabenchi ya kuseri. Thalauza anali atamanga ndi chingwe cha thumba, ndipo chingwecho chinali chitazungulira kawiri.

"Che Zubairu, ndiuzeninso za ng'ombe ija."

"Amayi, ndakuuzani kanayi. Ine ndikanena zanga, pepala lanu limanena zake. Ndani amamveka?"

"Nenaninso kachisanu."

Anapukuta kumaso ndi dzanja. "Ng'ombe jangu, amayi. Ng'ombe yanga, imodzi basi. Msipu unatha, madzi anatha. Tsiku lina inagwa m'chigwa, kumtunda kwa Rivirivi, osadzukanso. Ikanafa yokha ikanakhala nyamafu. Haramu imeneyo, sitikanadya, sitikanagulitsa kwa munthu. Ndinathamangira mpeni, ndinati Bismillah, ndinaizinga ikadapuma."

"Anaona ndani?"

"Mkazi wanga Rukiya. Koma inu munati mkazi si mboni."

"Anansi anu akuti ng'ombe yanu munaipititsa kwa achimwene anu ku Utale. Anthu atatu anena zofanana."

Che Zubairu anayang'ana pansi. "Ndinawauza ndine. Ndinanama, Mulungu andikhululukire. Amayi, chaka chino mukapha ng'ombe poyera, mudzi wonse umafika ndi mbale. Mumana ndani? Mlamu wanu? Mwana wa mchemwali wanu? Pofika madzulo mwatsala ndi mpeni wokha. Ndiye tinaiwamba kutchire komweko masiku atatu, ine ndi Rukiya. Chikopa ndi mutu tinakwirira kuti anthu asaone, afisi anafukula. Ndinabisa ng'ombe yanga ngati yakuba, lero ndi ino yasanduka yakubadi."

Thokozire analemba, ngakhale zonsezi anali nazo kale m'fayilo. Kulembako kunkamuthandiza kuti asawayang'ane m'maso.

"Anzanga muno akuti ndingovomera," anatero Che Zubairu. "Akuti ukavomera zaka zimachepa. Ukalimbana ndi pepala la makina, woweruza amakwiya."

"Musavomere."

"Mukutero inu amene munandimanga?"

"Ndikutero ine."

Anamuyang'ana modabwa, kenako anafunsa chapansipansi. "Mwadziwa chiyani, amayi?"

Thokozire anatseka fayilo n'kuitana wapolisi wa pachitseko.

*

Labotale ija inali nyumba yogona anthu yomwe anangoisandutsa. Kuseri jenereta inkalira, chifukwa Shire anali ataphwa ndipo magetsi ankabwera ngati mlendo. Mkulu wa pamalopo, a Hilary Mtambalika, anali atapita ku msonkhano ku Zomba. Yemwe analandira Thokozire ndi Matilda, mtsikana woyendetsa makina, wamagalasi akuluakulu, wolankhula ngati akuthamangitsidwa.

"Makina sanama, Sajeni. Anthu amabwera kuno ndi nkhani zambirimbiri, koma makina sadziwa munthu."

"Ndiphunzitseni mmene amadziwira nyama. Pang'onopang'ono, ine sukulu ndinalekera Folomu 4."

Matilda anatenga zingwe ziwiri za nsapato m'dirowa n'kuzipota pamodzi. Zinkaoneka kuti anazolowera kuphunzitsa alendo.

"M'nyama iliyonse muli ulusi wotere, wopota pawiri. Ndiye DNA imene mumamva ija. Mbali ziwirizi zimagwirana ndi zilembo zinayi. A amagwira T, G amagwira C. A ndi T amagwirana ndi zala ziwiri, G ndi C ndi zala zitatu, ndiye olimba ndi awawa. Mukatenthetsa, zala zimatayana, ulusi umalekana. Mwamva?"

"Pitirizani."

"Ife timaponyamo kaulusi kathu kakafupi, timakatchula nyambo. Zilembo zake n'zolingana ndi za njati. Nyambo ija imakagwira pa ulusi wa nyamayo, kenako makina amakweza kutentha pang'onopang'ono, n'kumaona kuti itaya pa madigiri angati. Ikakhala njati, zilembo zonse zimagwirizana, imakakamira mpaka 72. Ng'ombe ndi msuweni wa njati, pali chilembo chimodzi chosiyana, ndiye imataya pa 63. Mphalapala ndi wapatali, 57." Analoza pepala lomata pakhoma. "Ya bambo wanu uja inataya pa 57. Ndinaona ndi maso angawa."

"Nyamboyo mumapanga nokha?"

"Iyayi, imachokera kunja, ndipo si nyambo wamba. Zilembo zake zina anazikhwimitsa kufakitale, anazimanga kuti zisamapindike. Ikagwira imagwira ngati nkhanu, n'chifukwa chake imapirira moto wambiri. Koma ikakumana ndi chilembo cholakwika imanyansidwa msanga. Ndiye manambala amatalikirana bwino. Yawamba, yosakhwimitsa, tili nayo yophunzitsira ana a sukulu. Zilembo zake n'zomwezo, koma ndi yofooka, imataya msanga pa chilichonse."

Thokozire anapempha buku la zotsatira. Anatsegula kuyambira Julayi akutsetsereka ndi chala. 72, 63, 72, 72, 63. Atafika pakati pa Seputembala chala chinaima.

"Njati zinatha m'nkhalango?"

"Bwanji?"

"Kuyambira apa palibenso 72. Koma asilikali a nkhalango atola mitu isanu ya njati mwezi uno wokha."

Matilda anakankha magalasi. "Ndinadabwapo nanenso. Ndinangoti mwina akuba akudutsira njira ina."

"Mumadziwa bwanji kuti makina ali bwino tsiku limenelo?"

"Kale tinkaika pambali kanyama ka njati yodziwika ndi ka ng'ombe yodziwika, koyesera. Magetsi atazima masiku atatu, jenereta ili yowonongeka, a Hilary anati zonse zaola, tiziyenda choncho mpaka zina zipezeke." Mawu ake anayamba kuchepa liwiro. "Munali mu Seputembala momwemo."

Thokozire anabwerera m'buku. Kuchokera tsiku limenelo, ma 57 anali asanu ndi awiri, mayina osiyanasiyana a anthu a m'midzi. Ma 63 anali anayi, ndipo onse anayi anali a munthu mmodzi: Samson Gonthi wa pa Phalula.

*

A Samson Gonthi anali munthu yekhayo pa Phalula yemwe mimba yake sinamve za chilala. Anali ndi ziwaya zitatu za kanyenya m'mbali mwa msewu waukulu, ndipo mabasi ankaima pa iwo. Atangoona Thokozire anatambasula manja.

"Mwana wa malemu a Makwinja. Bambo ako anandiphunzitsa kugwira mpeni ine. Khala pansi, mwanawe, wawonda bwanji? Boma silikudyetsani?"

"Ndabwera pa ntchito, a Gonthi. Nyama yanu inagwidwapo kanayi pa lodibuloko."

"Kanayi konse inabwezedwa." Anatulutsa mapepala anayi okutira m'pulasitiki, n'kuwayala pabenchi ngati satifiketi za sukulu. "Ng'ombe, ng'ombe, ng'ombe, ng'ombe. Si ine ndalemba, ndi makina a azungu. Anthu ansanje amati Gonthi amagula kwa opha njati. Ine? Ndi mimba iyi ndingathamange ndi njati?"

"Ng'ombezo mumagula kuti?"

"Uku ndi uku. Chaka chino aliyense akugulitsa."

"Zikopa zake zili kuti?"

"Ndimagula yosendasenda, mwanawe. Zikopa n'za anthu a ng'oma." Anaseka mpaka mapewa kugwedezeka, kenako anatapa nthuli zinayi pachiwaya n'kumuikira pakapepala, ndi tsabola pambali. "Idya kaye. Mafunso ndi njala sizigwirizana."

Thokozire analuma imodzi. Inali yakuda, ya mitsitsi yokhakhala, yopanda mafuta, ndipo kukhosi inasiya kafungo ka thengo. Dzina lake sanalidziwe, poti njati anali asanadyepo, koma ng'ombe sinali. Nthuli zitatu zotsalazo anazikulunga n'kuponya m'chikwama, akuti akapatsa ana.

M'minibasi yobwerera anapanikizidwa pakati pa mayi wina wa thumba la madeya ndi zenera losatseguka. Mutu unkamuwawa. Lilime lake linkati ya Che Zubairu ndi ng'ombe, makina akuti 57. Lilime linkati ya Gonthi si ng'ombe, makina akuti 63. Anajambula manambala atatu aja pachikhatho, 72 pamwamba, 63 pakati, 57 pansi, ngati makwerero. Atafika pa mphambano ya Chingeni anaona chomwe chinachitika. Palibe nyama yomwe inasowa. Iliyonse inangotsika sitepe imodzi, njati n'kukhala pa malo a ng'ombe, ng'ombe n'kugwera pa malo a mphalapala.

Ndipo Matilda anali atamuuza kale chinthu chimodzi chomwe chimataya msanga: nyambo yophunzitsira ana ija.

*

Lachisanu m'mawa Thokozire anaima pamalo ophera ng'ombe mpaka anaona ndi maso ake ng'ombe yamphongo yofiira ikugwa. Anadulitsa kachidutswa kokhala ndi ubweya wake, n'kukafika nako ku labotale dzuwa lisanakwere.

"Iyi ndi ng'ombe," anatero. "Inkalira ndili pomwepo. Afunseni makina anu."

Matilda anavala magolovesi mosakondwa. Ntchitoyo inatenga maola atatu. Pakati pake magetsi anazima, jenereta inatsokomola kawiri isanagwire, ndipo Matilda anapemphera mokweza kuti makina asayambirenso. Kenako mzere unayamba kukwera pakompyuta, unapanga kaphiri, n'kutsika. Matilda anawerama pafupi. Anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso.

"57," anatero, mawu atauma.

"Ndiye ndakubweretserani mphalapala yolira ngati ng'ombe."

Matilda anakhala pansi pampando. "Anthu asanu ndi awiri, Sajeni. Ndinasayina ndine."

"Nyambo imene mumagwiritsa ntchito amakupatsani ndani?"

"A Hilary. Botolo lenileni limakhala m'kabokosi kokhoma mufiriji. Iwo amatapako pang'ono, amasungunula, n'kundipatsa m'kabotolo aka kolemba pamanja. Ine sindikhudza kabokosiko."

Chitseko chinatseguka. A Hilary Mtambalika anali munthu wamtali, waukhondo, wa imvi za m'mbali, wolankhula mofatsa ngati m'busa. Anapereka moni kwa onse awiri, anayang'ana pakompyuta, ndipo nkhope yawo sinasinthe.

"Tsegulani kabokosi ka mufiriji, bambo," anatero Thokozire.

"Muli ndi chikalata cha khoti, amayi?"

"Ndikhoza kukachitenga. Koma ndisiya wapolisi pafiriji pano, ndipo akuluakulu a bungwe lanu amva lero lomwe chifukwa chake."

A Hilary anaganiza pang'ono, kenako anatulutsa kiyi. M'kabokosimo munali timabotolo tiwiri tating'ono ngati chala cha mwana. Matilda anatinyamula n'kutiyang'anitsa pazenera. Kena kanali ndi timitanda pa zilembo zina, chizindikiro cha zilembo zokhwimitsa. Kenako kanalibe.

"Yokhwimitsayi ili pomwe ndinaionera mu Ogasiti," anatero Matilda. "Sinatsike ngakhale pang'ono. Yophunzitsira ana ndiyo yatsala pansi. Achikulire, ana a sukulu sanabwere kuno chaka chino."

"N'kutheka ndinasokoneza sabata yatha," anatero a Hilary modekha. "Magetsi anali atazima, timabotolo n'tofanana. Kulakwitsa kumachitika. Tikonza."

"Sabata yatha yokha? Botolo lonse?"

"Lina linatayikira. Matilda, usalankhule zinthu zomwe sungathe kutsimikiza." Anatembenukira kwa Thokozire. "Amayi, ndikuuzeni monga munthu wa sayansi. Mwatsimikiza kuti lero m'kabotolo aka muli nyambo yolakwika. Zoona. Koma simunatsimikize kuti munali chiyani tsiku lomwe tinayeza nyama ya munthu wanuyo. Ngati tsiku limenelo munali yokhwimitsa, 57 ndi mphalapala basi. Ndipo ine ndikalumbira kukhoti kuti munali yokhwimitsa."

"A Gonthi a pa Phalula mumawadziwa?"

Apa chikope chawo chinaphethira. "Dzinalo ndimaliona m'buku."

"Pikapu yawo imadziwa njira ya kunyumba kwanu? Ndikafunse anansi anu kuti matumba a chimanga amatsika kangati?"

Thokozire anangoponya mwala kuthengo, koma unagunda. A Hilary anayang'ana kiyi m'dzanja lawo.

"Pakhomo panga pali anthu khumi ndi anayi," anatero kenako, osakweza mawu. "Mu Julayi tinalipo asanu. Ena onsewo anachoka kumudzi wapansi. Simunandimve ndikuvomera kanthu, amayi, ndangokuuzani za pakhomo panga."

"Kachidutswa ka nyama ya Che Zubairu kali kuti? Tiyezenso."

"Kanaola. Tinataya."

Ananena zimenezi akumuyang'ana m'maso, ndipo Thokozire anadziwa kuti munthuyu anali atawerengera kale njira zonse.

*

Inspekitala Chipala anamvetsera nkhani yonse akusewera ndi chidindo pa tebulo. Thokozire atamaliza, iwo anadzuka n'kukatseka chitseko.

"Wagwira ntchito yabwino, Sajeni. Gonthi timugwira, Mtambalika timugwira. Koma za mkulu wa ku Nkayayu, ndalankhula ndi mayi Joanna Likoswe, oimira boma pa mlanduwu. Akuti pepala ndi pepala mpaka wina alitsutse ndi nyama yomweyo. Munthu alibe chiphaso, alibe chikopa, anansi ake akumutsutsa."

"Ndiye tiyezenso nyama yomweyo, bwana."

"Iti? M'buku ndinalemba kuti matumba onse awiri tinawotcha pa 20 Okutobala, atagwa mphutsi. Iwe unasayina ngati mboni. Wayiwala?"

Sanayiwale. Anasayina pakamwa pakadali mafuta.

"Bwana, kwa ine kunatsala kamtolo kamodzi."

A Chipala anasiya chidindo. Anamuyang'ana ngati munthu amene wapeza njoka m'nsapato.

"Kaphike lero lomwe," anatero. "Thokozire, tamvera. Ukakatulutsa kamtoloko, funso loyamba likhala lakuti unakatenga kuti. Kuba umboni, kusayina bodza. Yunifolomu imeneyo uvula, nyumba ya boma utuluka, mwinanso ukagona m'chitokosi momwe muli mkuluyo. Tinadya tonse pano, anthu khumi ndi mmodzi. Ana ako adya chiyani mu Januwale? Mkuluyo akavomera, mwina ampatsa zaka zitatu. Kundende amadya kamodzi patsiku. Kwawo akudya kangati?"

Choipa chinali chakuti a Chipala sankalankhula mwankhanza. Ankalankhula ngati malume, ndipo zina mwa zomwe ankanenazo zinali zoona. Thokozire anachita mantha. Anaganiza za ana ake atanyamula mtolo wa zofunda pa msewu wa Phalula, komwe kunalibenso bambo wake woti n'kuwalandira.

"Ndamva, bwana," anatero, n'kutuluka.

Atafika kunyumba anatsitsa chitini chija n'kuchiika patebulo. Mwana wake wamkazi anafunsa ngati muli mkaka. Anamuyankha kuti mulibe, ndipo anakhala akuchiyang'ana mpaka madzi omwe anateleka anaphwera pamoto.

*

Loweruka Matilda anatsegula labotale ndi kiyi wake. Nyambo yokhwimitsa anaisungunula yekha, pamaso pa mayi Likoswe, omwe anabwera atavala chitenje cha kutchalitchi ndi nkhope yosonyeza kuti awasokonezera tsiku. Anaika zinthu zitatu: ng'ombe yofiira ija, nthuli ya pa chiwaya cha a Gonthi, ndi kachidutswa komwe Thokozire anadula pa kamtolo ka m'chitini.

Ng'ombe yofiira inataya pa 63. Nthuli ya a Gonthi inakakamira, mzere ukungopita, mpaka 72. Yachitatu inakwera kaphiri kake n'kutsikira pamwamba penipeni pa ng'ombe yofiira, moti mizere iwiriyo inaoneka ngati umodzi.

"Ng'ombe," anatero Matilda, ndipo analira osabisa nkhope.

Mayi Likoswe anatulutsa fomu. "Chabwino. Tsono apa pakufunika kulemba komwe nyamayi yachokera. M'fayilo mwanga akuti umboni wonse unawotchedwa. Sajeni?"

Thokozire analandira cholembera. Analemba kuti pa 13 Okutobala anatenga timitolo tiwiri m'thumba la umboni, kamodzi anadya ndi ana ake, ndipo pa 20 anasayina bodza. Mayina a anzake sanalembe, koma ankadziwa kuti akafunsidwa sadzanama kachiwiri. Mayi Likoswe anawerenga kawiri.

"Mukudziwa chomwe mwadzichita?"

"Ndikudziwa."

"Chatsala n'chakuti mwini wake aizindikire. Apo ayi, loya aliyense anena kuti mwaigula pamsika."

Anawatulutsira Che Zubairu pabenchi ija masana omwewo. A Chipala anaima chapatali, manja ali kumbuyo. Mayi Likoswe anaika kamtolo pabenchi n'kufunsa ngati akukadziwa.

Che Zubairu anakanyamula ndi manja awiri. Anakatembenuza, anayang'ana mfundo ya ulusi wobiriwira, anakanunkhiza.

"Anamanga ndi Rukiya," anatero. "Amamanga kawiri n'kubweza nsonga mkati. Ndi ng'ombe yanga iyi."

"Makina avomereza," anatero mayi Likoswe. "Lolemba ndikachotsa mlandu. Mupita kwanu, bambo."

Che Zubairu sanasangalale monga mmene Thokozire ankayembekezera. Anangotseka maso n'kunena Alhamdulillah chapansipansi. Atatsegula anayang'ana kamtolo kaja, kenako anayang'ana chitseko cha chipinda cha umboni.

"Ndiye matumba anga mundipatsa Lolemba lomwelo? Sitima ya ku Nayuchi imadutsa Lachiwiri. Ndikagulitsa, chimanga chikhoza kutifikitsa mu Febuluwale."

A Chipala anayang'ana kumwamba. Mayi Likoswe anayamba kusanja mapepala omwe anali osanja kale.

"Kulibe matumba, Che Zubairu," anatero Thokozire. "Yatsala ndi yomwe ili m'manja mwanuyo. Inayo tinadya. Inenso ndinadya, ndi mmene ndinadziwira."

Thokozire ankafuna kuti Che Zubairu amutukwane, amulavulire, chilichonse. Iwo anangosisita ulusi uja ndi chala chachikulu.

"Muli ndi ana, amayi?"

"Awiri."

"Anadya nawo?"

"Anadya."

"Anakhuta?"

Thokozire anagwedeza mutu movomera.

"Anga ndi anayi," anatero Che Zubairu. "Masiku atatu aja tinkabwera kunyumba tikununkha utsi wa nyama. Wamng'ono ankandinunkhiza malaya, ine n'kumati tinali kuwotcha makala. Sindinawapatse ngakhale kachidutswa, amayi. Ndinkati nyama ndi ya tsiku limodzi, ndikawagulire chimanga."

Anatambasula dzanja kuti abweze kamtoloko, poti kanali umboni wa boma. Mayi Likoswe anakalandira n'kukaika mu envulopu.